Uno Lamm

August Uno Lamm (22 Meyi 1904 – 1 Juni 1989) anali katswiri wa zamagetsi wa ku Sweden. Amadziwika ngati tate wa njira yotumiza magetsi a DC a mavolti ochuluka pa mtunda wautali, imene mwachidule imatchedwa HVDC. Ntchito yake yaikulu inali kukonza valavu ya mercury kuti izipirira mavolti ambiri. Valavu imeneyi inkagwiritsidwa ntchito mu rectifier, makina osandutsa magetsi a AC kukhala a DC, ndiponso mu inveta, yomwe imabweza magetsi a DC kukhala a AC. Lamm anatsogolera ntchito yomanga njira yoyamba ya HVDC yochitira malonda, imene inayamba kupereka magetsi pa chilumba cha Gotland mu 1954.

Kubadwa ndi maphunziro

Lamm anabadwira mu mzinda wa Gothenburg, kumadzulo kwa Sweden. Anaphunzira zamagetsi pa sukulu yaukachenjede ya KTH ku Stockholm ndipo anamaliza mu 1927. Kenako analembedwa ntchito ndi ASEA, kampani yopanga zipangizo zamagetsi. Mu 1929 anapatsidwa udindo wotsogolera kafukufuku wa mavalavu a mercury, ntchito imene inkachitikira ku fakitale ya kampaniyi m'tauni ya Ludvika. Mu 1943 analandira digiri ya udokotala ku KTH komweko, atalemba za transductor, chipangizo chowongolera magetsi a AC pogwiritsa ntchito maginito ndi magetsi ochepa a DC.

Vuto limene anafuna kuthetsa

Magetsi a AC amayenda mobwererabwerera. Ku Ulaya, monganso ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti thiransifoma imatha kukweza kapena kutsitsa mavolti ake mosavuta. Koma AC imavuta mu nthambo zazitali zodutsa pansi pa nyanja. Nthambo yotere imasunga magetsi ena mwa iyo yokha, ndipo nthawi iliyonse imene magetsi atembenuka, imayenera kudzazidwa ndi kukhuthulidwanso. Nthambo ikatalika, mbali yaikulu ya magetsi oyenda mmenemo imangothera pa kudzaza ndi kukhuthula kumeneku, ndipo ofika tsidya lina amachepa. Magetsi a DC, amene amalowera mbali imodzi yokha, alibe vutoli chifukwa nthambo imadzaza kamodzi kokha.

Choncho pankafunika makina awiri: rectifier kochokera magetsi ndi inveta kumene akupita. Onse awiri amadalira valavu, chipangizo chololeza magetsi kudutsa mbali imodzi ndi kuwatsekereza akafuna kubwerera. Valavu ya mercury inali thanki yachitsulo yochotsedwa mpweya, yokhala ndi mercury pansi pake. Kumwamba kunali anode, ndipo pakati panali kachisefa kotchedwa grid, kamene kankalamula nthawi yoti valavu iyambe kudutsitsa magetsi kudzera mu nthunzi ya mercury.

Mavalavu a nthawiyo ankapirira mavolti masauzande ochepa okha. Mavolti akakwera, valavu inkatha kudutsitsa magetsi chammbuyo mwadzidzidzi pa nthawi imene inayenera kukhala yotseka. Vutoli linkatchedwa arc-back, ndipo linkachititsa shoti yaikulu imene inkatha kuwononga valavu ndi thiransifoma yomwe. Chifukwa chake chinali chakuti valavu ikangotseka, mavolti onse obwerera ankaunjikana pa kampata kakang'ono pafupi ndi anode. Mu 1929 Lamm analembetsa mwalamulo njira yake yothetsera vutoli. Anaika timbale tingapo tondondozana pakati pa anode ndi grid, n'kutilumikiza ku zipangizo zakunja zogawa mavolti, kuti kambale kalikonse kasenze gawo lochepa chabe la mtolowo. Ganizoli linali losavuta kufotokoza, koma panadutsa zaka zoposa 20 za kuyesa kuti valavu ikhale yodalirika. M'zaka za m'ma 1940 ASEA ndi Vattenfall, bungwe la boma loona zamagetsi, anayesa mavalavuwa ku Trollhättan ndi pa nthambo yochokera kumeneko kupita ku Mellerud.

Mmene inveta yake inkagwirira ntchito

Rectifier ndi inveta za mtundu umenewu zimapangidwa mofanana. Mavalavu asanu ndi limodzi amalumikizidwa ku nthambo zitatu za AC, awiri pa nthambo iliyonse, ndipo amayatsidwa mosinthana mwa ndondomeko. Chimene chimasiyanitsa makina awiriwa ndi nthawi yoyatsira. Valavu iliyonse ikayatsidwa msanga, makinawo amatenga mphamvu ku AC n'kuipereka ku DC. Kuyatsako kukachedwetsedwa kupitirira madigiri 90, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo umodzi wa AC, mavolti a mbali ya DC amatembenuka. Magetsi amalowerabe mbali yomwe ija, koma tsopano mphamvu ikuchoka ku DC kupita ku AC. Apa makinawo asanduka inveta.

Valavu ya mercury ili ndi malire amodzi aakulu. Grid imatha kuiyatsa koma siingathe kuizimitsa. Valavu imazima pokhapokha magetsi odutsamo atatsika kufika pa ziro, ndipo chimene chimawatsitsa ndi mavolti a AC a kumene inveta ikuthirako magetsi, pamene valavu yotsatira yayatsidwa. Motero inveta yotere siingagwire ntchito popanda magetsi a AC oyenda kale kumbali yolandira. Imafunanso zosefa, chifukwa magetsi ake amatuluka m'masitepe osati mosalala. Apa ndi pamene imasiyanirana ndi inveta ya pakhomo yolumikiza ku batire kapena ku sola. Imeneyo imagwiritsa ntchito matransistor, amene amayatsidwa ndi kuzimitsidwa nthawi iliyonse, choncho imadzipangira yokha AC ngakhale kulibe magetsi ena.

Njira ya ku Gotland

Mu 1950 ASEA inapatsidwa ntchito yolumikiza Gotland, chilumba cha m'nyanja ya Baltic, ku magetsi a kumtunda. Pa nthawiyo magetsi a pachilumbachi anali okwera mtengo, pomwe kumtunda kunali magetsi otsika mtengo opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Nthambo imodzi ya makilomita pafupifupi 100 inayalidwa pansi pa nyanja kuchokera ku Västervik kukafika ku Ygne, pafupi ndi tauni ya Visby, ndipo magetsi ankabwerera kudzera m'madzi a m'nyanja. Njirayi inayamba kugwira ntchito mu 1954, ndipo inkanyamula mamegawati 20 pa mavolti 100,000. Popeza inveta inkafuna AC yokhazikika, pachilumbapo anaikapo makina ozungulira otchedwa synchronous condenser kuti azisunga mavolti.

Kupambana kwa Gotland kunatsegula njira zina zogwiritsa ntchito mavalavu a ASEA. Mu 1961 England ndi France analumikizidwa ndi nthambo ya mamegawati 160. Mu 1965 zilumba ziwiri zikuluzikulu za New Zealand zinalumikizidwa ndi njira ya mamegawati 600. Chaka chomwecho siteshoni ya Sakuma ku Japan inalumikiza chigawo chimene magetsi amatembenuka ka 50 pa sekondi ndi chimene amatembenuka ka 60, zimene sizingatheke ndi thiransifoma yokha.

Zaka za pambuyo pake

Mu 1955 Lamm anaikidwa kutsogolera ntchito ya ASEA yokhudza magetsi a nyukiliya. Mu 1961 kampaniyi inamusankha kuti agwire ntchito limodzi ndi General Electric pa njira ya Pacific DC Intertie ku United States, ndipo patapita zaka zochepa anasamukira ku California. Njirayi inatsegulidwa mu 1970. Imachokera ku Celilo m'chigawo cha Oregon, pafupi ndi mtsinje wa Columbia, kukafika ku Sylmar ku Los Angeles, mtunda wa makilomita oposa 1,300. Mu 1965 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linamupatsa mendulo ya Lamme. Anamwalira ku Burlingame, California, ali ndi zaka 85.

Zimene anasiya

Valavu ya mercury inayamba kulowedwa m'malo ndi thyristor, kachipangizo ka silicon kamene sikavutika ndi arc-back. Mavalavu a thyristor anawonjezedwa pa njira ya ku Gotland mu 1970, ndipo mavalavu a mercury a ku New Zealand anazimitsidwa komaliza mu 2012. Komabe thyristor nayo imangoyatsidwa, siizimitsidwa mwa kufuna, kotero ndondomeko ya rectifier ndi inveta imene Lamm ndi anzake anaikhazikitsa inapitirira osasintha. Ndondomeko yomweyi ndiyo imagwira ntchito pa njira ya HVDC ya Cahora Bassa, imene inamangidwa ndi makampani ena m'zaka za m'ma 1970. Magetsi a pa damu la pa mtsinje wa Zambezi amasandutsidwa DC ku Songo m'chigawo cha Tete, amayenda makilomita pafupifupi 1,400, ndipo inveta ya pa siteshoni ya Apollo, pafupi ndi Johannesburg, imawabweza kukhala AC. Bungwe la IEEE limapereka mphoto yotchedwa Uno Lamm Award kwa akatswiri amene achita zazikulu pa ntchito ya HVDC.