Dr. Cicely Williams, Dokotala Amene Anamvera Amayi

Mwezi uno ndasankha kukulemberani za Dr. Cicely Williams, mayi amene, monga ife, anagwira ntchito kutali ndi kwawo pafupifupi moyo wawo wonse.

Anabadwa pa 2 December 1893 ku Jamaica, naphunzira udokotala ku Oxford ndi ku London. Mu 1929 boma la Britain linawatumiza ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Pa chipatala cha ana cha Princess Marie Louise ku Accra anaona ana otupa miyendo, atsitsi lofiira ndi khungu losendeka, ndipo ambiri ankamwalira. Mayiwa anafunsa amayi ndi anamwino a komweko, nawauza kuti m'chiyankhulo cha Ga matendawa ndi kwashiorkor, ndiye kuti matenda a mwana amene walandidwa bere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Atafufuza anapeza kuti anawo ankangodya phala la chimanga, ndipo akawapatsa mkaka ena ankachira.

Analemba za matendawa mu 1933, ndipo mu 1935 anawatchula ndi dzina lomwe anamva kwa amayi aja m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Madokotala akuluakulu anawatsutsa, makamaka Dr. Hugh Stannus amene anagwirapo ntchito ku Zomba. Iwo ankati ndi pellagra basi, matenda amene ankadziwika kale.

Mu 1936 anawasamutsira ku Malaya. Kumeneko anapeza makanda akufa chifukwa makampani ankakopa amayi osauka kuti asiye kuyamwitsa n'kumagula mkaka wam'chitini. Mu 1939 anadzudzula mchitidwewu poyera ku Singapore. Asilikali a Japan atalanda mzindawo mu 1942 anawatsekera ku ndende ya Changi, ndipo anamasulidwa mu 1945 atafooka kwambiri.

Mu 1948 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litangoyamba, linawaika kukhala mkulu woyamba wa nthambi ya umoyo wa amayi ndi ana ku Geneva. Mu 1950 WHO ndi bungwe la zaulimi la FAO anatumiza akatswiri kukafufuza kwashiorkor m'mayiko a mu Africa, ndipo lipoti lawo la mu 1952 linasonyeza kuti matendawa anali ponseponse. Mu 1981 mayiko anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mwachinyengo mkaka wolowa m'malo mwa bere. Mayiwa anamwalira ku Oxford pa 13 July 1992 ali ndi zaka 98.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi: thandizo lochokera kunja linapindula chifukwa mlendoyo anayamba wamvera eni nthaka. Dzina limene madokotala padziko lonse amatchula lero linachokera pakamwa pa amayi osauka a ku Accra.

Nafenso tikamatumiza ndalama kumudzi, tisamangofunsa za malata ndi feteleza. Tizifunsanso kuti mwana amene wangosiya kuyamwa akudya chiyani, ngati phala lake lili ndi nsinjiro, ngati akulawako dzira kapena usipa, komanso ngati akupita kusikelo. Mukamva kuti mwana watupa mapazi, musalole kuti masiku athe anthu akukangana za tsempho. Uzani abale athamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.