Malemu Lottie Mwale, Wankhonya Womenyera Mbendera

Dzina la Mwale likupezeka mbali zonse ziwiri za malire, ku Mualadzi ndi ku Katete komwe. Koma pa onse a dzinali, amene anamveka kutali chifukwa cha nkhonya ndi Lottie Mwale wa ku Zambia, yemwe anthu ankamutcha Gunduzani.

Iyeyu anabadwira ku Kitwe m'chaka cha 1952. Nthawi imeneyo dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia ndipo linali m'manja mwa Angelezi. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, mnyamatayu anakhala nzika ya dziko latsopanolo, ndipo ndi mbendera yake imene anadzanyamula atakula.

Nkhonya zili mitundu iwiri. Pali zomenyera ndalama, pomwe munthu amamenya kulikonse kumene apangana naye. Palinso zosalipidwa, zomwe munthu amamenyera dziko lake pa masewero aakulu. Mwale anayamba ndi zosalipidwazi. Mu 1974 dziko lake linamutumiza ku Christchurch, ku New Zealand, pa masewero a Commonwealth. Kumeneko anagonjetsa Alex Harrison wa ku Scotland pa ndime yomaliza, nabwera ndi mendulo ya golide, yoyamba ya Zambia pa masewerowa chilandirire ufulu.

Womenyera mbendera amayenda ndi dziko lake, likakhala nayenso amakhala. Mu 1976 Zambia pamodzi ndi maiko ena a mu Africa oposa 20 inanyanyala masewero a Olympic ku Montreal, pokwiya kuti timu ya rugby ya New Zealand inakasewera ku South Africa pa nthawi ya tsankho. Palibe wankhonya wa ku Zambia amene anakwera m'bwalo chaka chimenecho, ndipo panalibe njira yoti wina angolumpha malire kukamenyera dziko lina.

Lamulo la Olympic limati wopikisana aliyense akhale nzika ya dziko lomwe lamutumiza. Amene ali nzika ya maiko awiri amasankha limodzi. Akamenyera dziko lina kamodzi pa mpikisano waukulu, ayenera kudikira zaka zitatu asanamenyere linzake, pokhapokha mabungwe oyendetsa masewerowo atagwirizana kuchepetsa nthawiyo.

Zitatha izi Mwale analowa nkhonya za ndalama. Mu 1978 anagonjetsa Marvin Johnson wa ku America mu mzinda wa Belgrade. Mu 1979 ku Lusaka anamenya Gary Summerhays wa ku Canada, natenga lamba wa Commonwealth, yemwe anamusunga kufikira 1985 pamene Leslie Stewart anamulanda. Lamba wa dziko lonse lapansi ndi amene anamuphonya: mu Novembala 1980 ku San Diego, Matthew Saad Muhammad anamugwetsa m'chigawo chachinayi.

Masiku ake otsiriza anali ovuta. Anadwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson, namwalira ku Lusaka mu Okutobala 2005.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa anthu a m'malire. Pa nthawi ya nkhondo mabanja ambiri a ku Tete anathawira ku Zambia, ena kwa abale awo, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, ali ndi ana obadwira kutsidya. Anawo tsopano ndi makolo. Mnyamata wa m'banja lotere akhoza kukhala ndi ambuye ake ku Chadiza, munda ku Mualadzi, chilankhulo chimodzi konsekonse. Koma kubadwira ku Zambia kokha sikupatsa munthu unzika wa kumeneko, kumafunika kuti mmodzi mwa makolo akhale nzika. Ndipo oyendetsa masewero safunsa mfunda kapena mudzi, amafunsa pasipoti.

Dziko la Mozambique linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, choncho masewero amene anatchukitsa Mwale ndi otseguka kwa ana a ku Chifunde. Koma pasipoti imachokera pa bilyete, ndipo bilyete imachokera pa kulembetsa mwana ku rejisito. Kholo lozengereza kulembetsa limatsekera mwana wake njira imene Gunduzani anadzera popita ku Christchurch, ngakhale mwanayo akhale ndi dzanja lolemera chotani.