Stella Walsh: anamuyeza atafa kale

Dzina la Stella Walsh ndinalipeza ndikuwerenga za lamulo la ku Ohio, ku America, lomwe aphungu anavomereza mu Januwale 2024 ngakhale kuti bwanamkubwa Mike DeWine anali atalikana. Lamuloli limaletsa ana obadwa anyamata, koma odziona kuti ndi atsikana, kusewera m'matimu a atsikana kusukulu. Stella anakulira ku Ohio komweko, mumzinda wa Cleveland.

Anabadwira ku Poland mu 1911, dzina lake lenileni Stanisława Walasiewicz, ndipo makolo ake anasamuka naye ali khanda. Liwiro ndiye anali nalo. Ntchito yake kukampani ya njanji itatha mu 1932, anasankha kuthamangira Poland, ndipo pa Olimpiki ya ku Los Angeles anatenga mendulo yagolide pa mamita 100 m'masekondi 11.9.

Ku Berlin mu 1936 anagonja kwa Helen Stephens wa ku America. Apa m'pamene ine ndinagwira pakamwa: yemwe anthu anamunong'ona kuti ndi mwamuna anali Helen, osati Stella. Akuluakulu anamuyeza Helen, n'kupeza kuti ndi mkazi.

Pa 4 Disembala 1980, ali ndi zaka 69, Stella anawomberedwa ndi achifwamba pamalo oimika magalimoto ku Cleveland. Oyeza mtembo anapeza kuti analibe chiberekero, ndipo maselo ake ena anali ndi XY, ena X imodzi yokha. Nkhaniyo inafalikira ngati moto wolusa, anthu n'kumamunena kuti ankabera azimayi anzake. Koma mkulu woona za imfa m'deralo, Samuel Gerber, anati mayiyu anakhala moyo wake wonse ngati mkazi. Mendulo zake sanamulande.

Tisasokoneze zinthu. Stella sanasinthe kuchoka kwina kupita kwina. Anangobadwa ndi thupi losalowa bwino m'magulu awiri a mpikisano. Ndipo kholo lomwe likuopa kuti mwana wake wamkazi apikisana ndi wina wamphamvu zachimuna, ine sindiliseka ayi, nkhawa yake ndi yomveka. Chimandivuta n'chakuti lamulo lotere limafuna wina woloza chala, ndipo chalacho ku Berlin chinaloza munthu wolakwika.

Mu 2022 aphungu a nyumba imodzi ya malamulo ku Ohio anavomereza zoti mwana wokayikiridwa aziyezedwa thupi ndi dokotala. Anthu atakwiya nayo, mfundoyo anaichotsa.