Richard Bright, dokotala amene anapeza chenjezo la mtima mumkodzo

Richard Bright anabadwira mumzinda wa Bristol ku England m'chaka cha 1789. Anaphunzira udokotala ku Edinburgh ndi ku London, ndipo kuyambira 1820 ankagwira ntchito pachipatala cha Guy's ku London, kumene ankalandira odwala ambiri otupa miyendo, nkhope ndi mimba.

Zida zake munali nazo kukhitchini kwanu: sipuni ndi kandulo. Ankathira mkodzo wa wodwala pasipuni n'kuutenthetsa. Mkodzo wa ena unkagwirana n'kuyera ngati dzira lokazinga. Chimene chinkagwiranacho ndi puloteni yotchedwa albumin, yomwe malo ake ndi m'magazi. Odwalawo akamwalira, Bright ankapima matupi awo ndipo ankapeza kuti impso zawo zawonongeka. Izi anazisindikiza m'buku mu 1827, ndipo matendawa anadziwika ndi dzina lake kwa zaka zambiri.

Mu 1836, atafufuza matupi a odwala 100, anaona chinthu china: ambiri mwa iwo anali ndi mtima wokula, makamaka mbali yakumanzere imene imapopa magazi kupita m'thupi lonse. Nthawiyo kunalibe makina oyezera BP, koma iye anaganiza kuti mtima ukuvutika kukankha magazi m'timitsempha ting'onoting'ono.

Lero madokotala amavomereza. Impso zanu zimasefa magazi kudzera m'timitsempha timeneti. Tikawonongeka ndi kuthamanga kwa magazi kapena shuga, puloteni imadontha n'kutuluka ndi mkodzo. Kudonthako kumasonyeza kuti mitsempha ya kumtima ndi kuubongo nayonso ili pangozi, choncho munthuyo angadwale mtima kapena sitiroko ngakhale sakumva kupweteka paliponse.

Bright anamwalira ku London mu Disembala 1858 ndi matenda a mtima. M'malo mwa sipuni yake, tsopano achipatala amaviika kapepala mumkodzo ndipo kamasintha mtundu pakamphindi.

Ngati muli ndi BP kapena shuga, pemphani kuyezedwa mkodzo kamodzi pachaka. Mukaona mkodzo wathovu masiku angapo kapena mwana akadzuka maso atatupa, musazengereze. Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, kumbutsani amayi oyembekezera kuti asadumphe sikelo, chifukwa puloteni ikapezeka pamodzi ndi BP yokwera, moyo wa mayi ndi wa mwana umakhala pachiswe.