Orton Chirwa, loya yemwe malamulo adalephera kumuteteza

Basi ikanyamuka pano pa Salima kulowera kumpoto, imayamba yadutsa pa Nkhotakota isanafike ku Nkhata Bay. Ku Nkhata Bay ndi kwawo kwa malemu Orton Ching'oli Chirwa, omwe adabadwa mu 1919. Ku Nkhotakota ndi kumene chipani chomwe iwo adayambitsa chidakachititsa msonkhano mu 1960 n'kugwirizana kuti Dr Kamuzu Banda akhale mtsogoleri wa chipanicho moyo wawo wonse. Ine ndimaona ngati chingwe chomwe chidadzamanga a Chirwa chidayamba kupotedwa pa msonkhano umenewo, dziko lisanakhale n'komwe ndi mbendera yakeyake.

A Chirwa adayamba ndi uphunzitsi, kenaka adapita ku London komwe mu 1958 adakhala loya woyamba wachikuda wochokera m'dziko lino. Atsamunda ataletsa Nyasaland African Congress mu Malichi 1959, iwo adamangidwa nawo koma adatuluka msanga. Mu Seputembala chaka chomwecho adayambitsa Malawi Congress Party. Dr Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo pa 1 Epulo 1960, a Chirwa adawapatsa mpando osanyinyirika. Masiku ano ndani angatero?

Pomwe timalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, a Chirwa anali nduna ya za chilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Malamulo oyendetsera dziko omwe tidalandira anali otengera a ku Britain. Papepala anali bwino ndithu. Munali gawo loteteza ufulu wa munthu, ndipo nduna yaikulu ikalakwa aphungu anali ndi mphamvu yoichotsa. Koma olembawo ankaganiza za nyumba ya malamulo yokhala ndi zipani zingapo, ndi aphungu oopa anthu owavotera. Kuno pa chisankho cha 1964 aphungu a MCP adalowa popanda wopikisana nawo, ndipo amene ankaloleza maina awo anali mtsogoleri wamuyaya wa chipani uja. Ine yunivesite ndidaisiyira panjira, koma apa sipafunika digiri: phungu wotere angavote bwanji motsutsana ndi mwini mpando wake?

Zidaoneka patangotha miyezi iwiri. Nduna zidadandaula za tiki yomwe odwala ankalipira m'chipatala, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, za kuchedwa kukweza Amalawi pantchito za boma, komanso zoti Dr Banda ankalamula okha zonse. Pa 7 Seputembala a Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi adachotsedwa unduna, mayi Rose Chibambo nawonso adachotsedwa paudindo, ndipo nduna zina zidatula pansi maudindo. Nyumba ya malamulo itakumana ku Zomba, idavomereza kuti ili pambuyo pa Dr Banda. Palibe ndime ya malamulo idathyoledwa tsiku limenelo. Malamulo a chipani adangoposa a dziko mphamvu, basi. Chaka chisanathe a Chirwa adathawira ku Tanzania.

Malamulo atsopano a 1966 adangomaliza ntchito. Gawo la ufulu lija adalichotsa, chipani chidakhala chimodzi mwalamulo, ndipo mu 1971 upulezidenti udakhala wamuyaya. Akuluakulu a kuno kunyanja amakumbukabe zomwe zidatsatira: wopanda khadi la chipani samalowa mumsika ndi dengu lake la usipa, ngakhale basi samakwera.

Ku Tanzania a Chirwa ankaphunzitsa malamulo ndipo adayambitsa gulu la Malawi Freedom Movement. Pa 24 Disembala 1981 adagwidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera ndi mwana wawo Fumbani cha kumalire a Zambia. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno. Iwo adati adachita kubedwa ali mbali ya Zambia.

Chowawa kwambiri ndi bwalo lomwe adawatengerako. Mu 1962 a Chirwa adathandiza kukonza makhoti ang'onoang'ono a m'madera kuti munthu wakumudzi apeze chilungamo pafupi. Mu 1969 boma lidakuza makhoti amenewa kuti aziweruza ngakhale milandu yakupha, pambuyo pake ndi youkira boma yomwe. Kumeneko loya samaloledwa. Ndiye loya woyamba wa dziko lino, ndi akazi awo omwe ndi mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, adaimirira pamaso pa mafumu ku Soche mu Blantyre, mboni zawo zitakanidwa. Mu Meyi 1983 adalamulidwa kuti anyongedwe. Maiko akunja atafuula, mu 1984 chilango chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse.

Maloya a ku Britain omwe adawaona ku ndende ya Zomba mu Seputembala 1992 adapeza munthu wosaona bwino, wosamva bwino. Tsiku limenelo ndi pomwe adaonana ndi akazi awo koyamba patapita zaka 8. Adamwalira pa 20 Okutobala 1992, patangotha masiku awiri Dr Banda atalengeza za riferendamu. Mayi Chirwa adatuluka mu Januwale 1993.

Malamulo a 1994 adalembedwa mothamanga, olembawo ali ndi Kamuzu m'maganizo. Adabwezeretsa ufulu, makhoti a mafumu aja adatha, pulezidenti adamuikira malire a materemu awiri. Zonsezi n'zoyamika, ndipo zikadapulumutsa a Chirwa. Koma chipani, chomwe chidawameza, malamulowa sadachigwire kwenikweni. Ndime 64 yolola anthu kuchotsa phungu wawo aphungu adaifafaniza mu 1995. Ndime 65 imati phungu wodumphira chipani china ataye mpando, koma a Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu adakhamukira komweko. Bwalo la Supreme lidati mu 2007 ndimeyo ndi yovomerezeka, komabe ziletso za kukhoti zidamanga sipikala manja mpaka chisankho cha 2009. A Joyce Banda adachotsedwa mu DPP mu 2010 akadali wachiwiri kwa pulezidenti, boma limodzi mitu iwiri yosayankhulana. A Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, padangopita masabata ochepa aphungu ambiri a DPP, ena mwa omwe ankawanyoza mayiwo dzulo lake, anali atavala kale nsalu za chipani cha PP.