Woyera Louis Maria wa ku Montfort ndi Mzinda wa Paris

Alendo okacheza ku Paris, likulu la dziko la France, amathamangira kukaona nsanja ya Eiffel ndi katedralo ya Notre-Dame. Koma mumzinda womwewo muli malo ena amene akhristu a kuno ku Mulanje ayenera kuwadziwa, chifukwa ndiko kudakhwimira munthu amene ana ake auzimu adabweretsa chikhulupiriro cha Katolika m'chigawo chino.

Louis Maria Grignion adabadwa pa 31 Januwale 1673 ku Montfort, m'dera la Brittany. Atatsiriza maphunziro kwa ansembe a chipani cha Jesuit ku Rennes, adanyamuka wapansi kupita ku Paris kukaphunzira zaunsembe, mtunda wonga wochoka ku Mulanje kukafika ku Lilongwe. Panjira adapereka ndalama zake kwa amphawi, nasinthana zovala ndi wopemphapempha.

Adaphunzira ku seminale ya Saint-Sulpice, nadzozedwa unsembe mu Juni 1700. Misa yake yoyamba adachitira pa guwa la Maria Virgo Woyera m'tchalitchi cha Saint-Sulpice. Tchalitchichi ndi chimodzi mwa zazikulu mu Paris, ndipo chimadziwika ndi nsanja zake ziwiri zosafanana.

Mu 1703 adabwereranso mumzindawo kukatumikira amphawi zikwizikwi pa chipatala cha Salpêtrière, chomwe chikugwirabe ntchito mpaka lero. Patangopita miyezi yochepa adamuchotsa. Anzake akale adamutaya, ndipo adakakhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe mumsewu wa Pot-de-Fer. Mzinda wa nyumba zachifumu udasowa malo omusungira wansembe mmodzi, koma iye sadasiye kupemphera.

Maepiskopi ena atamuletsa kulalika, mu 1706 adayenda wapansi mpaka ku Roma kukafunsa Papa Clement XI ngati apite kumaiko akutali. Apapa adamubweza kwawo kuti akaphunzitse katekisimu ndi kutsitsimutsa malonjezo a Ubatizo, ndipo iye adamvera. Ku Pontchâteau anthu adamanga naye phiri la Kalvale ndi manja awo, koma mu 1710 mfumu Louis XIV idalamula kuti ligumulidwe lisanadalitsidwe nkomwe. Louis Maria adapitiriza kuyenda m'midzi ndi mtanda ndi korona.

Adamwalira pa 28 Epulo 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre ali ndi zaka 43. Pa nthawiyo omutsatira anali ochepa zedi, moti ntchito yake inkaoneka ngati yathera pomwepo. Komabe mu 1901 ansembe a chipani chake adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo kuchokera kumeneko Mthenga Wabwino udafalikira m'dera lomwe lero ndi Arkidayosizi ya Blantyre. Papa Pius XII adamulengeza kukhala woyera mu 1947, ndipo chifanizo chake chili m'tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma.

Mkhristu amene wakhumudwa pa ntchito ya mphakati kapena ya parishi, chifukwa chonyozedwa kapena kusayamikiridwa, akumbukire kachipinda ka pansi pa masitepe kaja. Eklezia imakumbukira woyerayu pa 28 Epulo. Tsikuli ndi loyenera kuti banja lililonse lipemphere korona pamodzi ndi kubwereza malonjezo a Ubatizo.