Michael Gelfand, Dokotala Amene Anafufuza za Matuza a Magazi M'kamwa

Ngati munaonapo munthu atatuluka matuza akuda odzaza magazi pa lilime kapena m'kati mwa masaya, mbiri ya dokotala uyu ikukukhudzani.

Michael Gelfand anabadwira ku Wynberg, mumzinda wa Cape Town, m'chaka cha 1912. Anaphunzira zaudokotala pa Yunivesite ya Cape Town, ndipo mu 1939 anayamba ntchito m'zipatala za boma ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ankagwira ntchito ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga ya ku Mashonaland. Imeneyi ndi minda imene makolo a ambiri a inu anadzagwirako ntchito kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Pa nthawiyo mabuku ambiri a zachipatala ankafotokoza matenda monga momwe amaonekera mwa azungu. Gelfand ankalemba zimene ankaziona yekha mwa odwala achikuda, ndipo mu 1944 anatulutsa buku lotchedwa The Sick African, limene linathandiza madokotala ambiri. Mu 1955, pamodzi ndi Joseph Ritchken, anayambitsa magazini ya zachipatala ya Central African Journal of Medicine. Analembanso buku la Lakeside Pioneers lonena za chiyambi cha zipatala ku Malawi. Asing'anga achishona sankawanyoza: ankacheza nawo kuti amvetse mmene odwala ake amaganizira za matenda.

Amodzi mwa matenda amene anawafufuza ndi onyalai. Matendawa amayamba mwadzidzidzi. Wodwala amatuluka matuza a magazi m'kamwa, nthawi zina ndi pakhungu pomwe, ndipo amatha kuchita kamfuno kapena kukodza magazi. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi mapulateleti, tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti magazi aundane. Mapulateleti akachepa kwambiri, munthu angathe kumwalira chifukwa chotaya magazi ambiri kapena chifukwa magazi akhera mu ubongo.

Pali matenda enanso a matuza amene amabwera chitetezo cha m'thupi chikalakwitsa. Pa matenda a pemphigus, chitetezocho chimawononga zinthu zimene zimamatiriza maselo a khungu, ndipo khungu limasupuka n'kusiya zilonda. Matenda onsewa si opatsirana, choncho musamusale wodwala.

Gelfand anaphunzitsa madokotala kwa zaka zambiri pa yunivesite ya mumzindawo, ndipo anamwalira ku Harare mu 1985.

Luso lake linali kuyang'anitsitsa wodwala ndi kumumvetsera mofatsa. Inunso mungatero pakhomo panu. Mukaona matuza a magazi m'kamwa, kapena matuza apakhungu amene sakupola, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musawaboole ndiponso musatemepo mphini, chifukwa magazi angavute kusiya. Musamupatse wodwalayo asipulini, pakuti amachititsa kuti magazi achedwe kuundana. Tengani mankhwala onse amene wakhala akumwa, achizungu ndi achikuda omwe, mukawaonetse kwa adokotala, chifukwa mankhwala ena amathanso kusupula khungu. Mukawauzenso tsiku limene matuzawo anayamba.